Nyimbo ya amalume pa gitala ya bokosi

Amalume anga anabwerako ku Kitwe m'chaka cha 1979. Anali atagwira ntchito zaka 7 ku mgodi wa kopa wa Nkana, ndipo chuma chimene anafika nacho kumudzi kwathu, kufupi ndi Namadzi, chinali gumbagumba ya mabatire ndi katoni ya zimbale. Ine ndinali ndisanabadwe. Pamene ndinkayamba kuzindikira zinthu, cha m'ma 1990, gumbagumbayo inali itatopa, singano yake ikudumphadumpha, komabe Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi amalume ankaitulutsa pakhonde. Ankapukuta chimbale ndi kansalu kofewa kamene munthu wina aliyense sankaloledwa kukagwira, kenako n'kutiuza anafe kuti tikhale pansi, tisagwedeze tebulo.

Zimbale zambiri m'katonimo zinali za ku Zambia konko. Amalume ankatchula WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi ngati akutchula anzawo a pa shifiti. Zimenezi ndi nyimbo zodziwika ndi dzina loti Zamrock. Anyamata a ku Copperbelt ndi ku Lusaka anakula akumvera Jimi Hendrix, Rolling Stones ndi Deep Purple, mpaka woimba wa WITCH anapatsidwa dzina loti Jagari potengera Mick Jagger. Ndiye m'zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dzikomo, anyamatawo anapeza mpata. Anapeka zawo, zina m'Chingerezi, zina m'Chibemba, zina m'Chinyanja chimene ifenso pakhonde paja tinkachimva bwinobwino.

Koma panali kachimbale kamodzi kakang'ono kamene amalume ankakasungira kumapeto. Kanali ka Hendrix, nyimbo ya 1968 yotchedwa "All Along the Watchtower". Ikangoyamba, amalume ankasiya kuyankhula ngakhale atakhala ndi mlendo. Ikafika poti mawu a munthu aleka ndipo gitala yatsala ikulira yokha, ankatsinzina n'kumaitsatira ndi pakamwa, kukwera nayo, kutsika nayo, milomo itasongoka. Ife ana tinkagwirana pakamwa kuti tisaseke. Amayi anga, mlongo wawo, ankangopukusa mutu uku akusenda nandolo. Panthawiyo sindinkadziwa kuti munthu angathe kusunga zaka zake zonse za unyamata m'mphindi zinayi.

Gumbagumba inadzafa, ndipo zimbale zinawonongeka chaka chimene denga la nyumba yawo linasasuka ndi mphepo. Ine ndinakula, ndinasamukira ku Zomba, ndipo mu 2014 ndinagula gitala ya bokosi kwa mnyamata wina wa ku Chinamwali amene ankasaka ndalama ya ulendo wa ku Joni. Inali ndi mng'alu m'munsi, ndipo nsambo imodzi inali ya waya wa buleki ya njinga. Ndinaikonza, ndinaphunzira makodi (kagwiridwe ka nsambo zingapo pamodzi), ndinayamba kuimbira kwaya. Pa Khirisimasi ya 2021 ndinapita kumudzi, ndipo ndinapeza amalume maso atafooka, chifuwa chikuwavuta. Ndinawaikira nyimbo ya Hendrix ija pa memory card ya kawailesi kawo. Anamvera, anathokoza, kenako anandiitana kuti ndisendere pafupi.

"Mphwanga, ndikumva kuti masiku ano ndiwe ukuimbira kwaya gitala. Nyimbo yangayi ungaithe?"

"Amalume, imeneyi ndi ya gitala ya magetsi. Yanga ija ndi ya bokosi."

"Nanga nsambo si sikisi zomwezo?"

Ndinavomera kuti ndiwajambulira. Zinanditengera miyezi 6.

Masabata oyamba ndinawataya poyesa kuchita zimene Hendrix anachita, chala ndi chala. Ndinkaimitsa nyimbo, kubweza, kumvera, kusaka pa nsambo. Manotsi ndinkawapeza ndithu, koma zikatuluka m'bokosi langa zinkamveka zowonda, ngati munthu wodwala akuyesa kukuwa. Chifukwa chake chili m'mapangidwe a zida ziwirizi. Nsambo ya gitala ya bokosi ukaikhudza, mphamvu yake imapita m'thabwa, thabwa n'kukankha mpweya, ndipo pakangopita timasekondi mawu azilala. Gitala ya magetsi ili ndi maginito pansi pa nsambo amene amatumiza kunjenjemerako ku amplifaya, ndipo amplifaya ikatsegulidwa kwambiri mawu amasasa, amanenepa, amakhalitsa. Woimba amatha kugwira noti imodzi n'kuikoka, kuipinda, kuiliritsa kwa nthawi yaitali. Oimba rock ambiri amagwiranso makodi a manotsi awiri okha, chifukwa kusasa kwa amplifaya kumadzaza pamene patsala. Makodi omwewo pa bokosi amamveka ngati ndiwo zopanda mchere. Onjezanipo kuti ng'oma ndi bezi palibe. Zonse zimene anthu atatu kapena anayi ankagawana zimatsalira dzanja lako lamanja.

Pofuna kupumulako ndinayesa nyimbo ina imene aliyense wogwira gitala amayamba nayo, "Smoke on the Water" ya Deep Purple. Kachuni kake koyambira kaja pa bokosi kanamveka ngati kamwana kakusewera. Koma chifukwa phokoso linali litachoka, kwa nthawi yoyamba ndinamvetsera mawu ake, ndipo ndinadabwa kupeza kuti ndi nkhani yeniyeni. Mu Disembala 1971 bandiyi inapita ku Montreux, ku Switzerland, kukajambula chimbale. Nyumba ya kasino imene ankati ajambuliremo inapsa pa nthawi ya konsati ya Frank Zappa, utsi n'kuyala pamwamba pa nyanja ya Geneva, ndipo anakamalizira ntchitoyo m'hotela. Nyimbo yonseyo ikungolongosola zimenezi mwatsatanetsatane, monga mmene oimba athu a banjo amaimbira za ngozi ya basi kapena za njala ya chaka chakuti. Kwa zaka zambiri ndinkaigwedezera mutu osadziwa kuti muli nkhani. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kufunsa kuti gitala ikuchita chiyani m'nyimbo ya amalume, ndinayamba kufunsa kuti nyimboyo ikunena chiyani.

Amene anandiphunzitsa kwambiri ndi Eric Clapton, pa pulogalamu ya MTV Unplugged. Pulogalamuyi inayamba mu 1989, ndipo mfundo yake inali yoti oimba otchuka asiye zida za magetsi, akhale pampando, aimbe ndi magitala a bokosi. Clapton anajambula yake mu Januwale 1992 ku Bray Studios, ku England, patatha miyezi yosakwana 12 mwana wake wamng'ono atamwalira. Nyimbo yake ya "Layla" ya 1970 ndi ya munthu wopenga ndi chikondi, yothamanga, mawu ali pamwamba, magitala akulimbana. Mu 1992 anaichepetsa liwiro, anaiyendetsa mwakachetechete ngati munthu woyenda madzulo, anatsitsa mawu ake pansi, ndipo kachuni kotchuka koyambira kaja anakasiya. Asanayambe anauza anthu kuti aone ngati angaizindikire. Mawu a nyimbo ndi omwewo, koma amene akuyankhula ndi munthu wina, wamkulu, amene zakale akuzikumbukira atakhala pansi. Ndinaibwereza usiku umodzi kangapo konse. Chimene chinandigwira n'chakuti munthuyu sanayese n'komwe kupikisana ndi unyamata wake.

Winanso ndi Johnny Cash. Mu 1994, ali ndi zaka 62 ndipo makampani a nyimbo atamuiwala, anatulutsa chimbale cha American Recordings, chimene mbali yaikulu anachijambulira pabalaza m'nyumba ya wojambula nyimbo Rick Rubin ku Los Angeles ndi m'kanyumba ka Cash mwiniyo ku Tennessee, mawu ndi gitala basi. M'zimbale zotsatira anatenga nyimbo za anyamata a rock a nthawiyo. Mu 2002 anaimba "Hurt" ya Nine Inch Nails, mawu ake atayamba kale kunjenjemera ndi matenda, ndipo anamwalira mu Seputembala 2003. Mwini nyimboyo, Trent Reznor, ataona kanema wake anavomereza kuti nyimbo ija siinalinso yake. Ine ndikamamvera, chimene ndimamva kwambiri ndi mpweya wa nkhalamba pakati pa mzere ndi mzere. Wojambula wina akanaufufuta. Rubin anausiya, ndipo anachita bwino.

Kenako ndinadzapeza chinthu chimene amalume sanachidziwepo zaka zonsezi. Nyimbo yawo ija si Hendrix anaipeka. Ndi ya Bob Dylan, ndipo anaijambula ku Nashville kumapeto kwa 1967 ndi gitala ya bokosi, kachitoliro ka pakamwa, bezi ndi ng'oma zofatsa. Hendrix anaitenga patangopita milungu yochepa, mu Januwale 1968, ku Olympic Studios mu London, n'kuiveka moto. Ngakhale mwa Hendrix momwemo, mukatchera khutu poyambirira penipeni, muli gitala ya bokosi ya nsambo 12 imene ankaimba Dave Mason. Dylan mwini wake anaikonda kwambiri njira ya Hendrix moti pa makonsati ake anayamba kuiimba motsatira iyeyo. Ndiye kuti ntchito imene ndinkaiona ngati kuvula nyimbo zovala inali kuibwezera kwawo kumene inabadwira. Mtima wanga unakhala pansi. Nyimboyi ili ndi makodi atatu okha ozungulira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndime zitatu, mizere 12, yopanda kolasi. Imayamba ndi anthu awiri akukambirana za kusowa potulukira, n'kuthera pamene zoopsa zangoyamba kuonekera patali.

Makodi atatu ozungulira osaleka, ife kuno si zachilendo. Nyimbo zathu zambiri zimayenda choncho, za banjo, za kwela, ngakhale za kwaya. Ndinaika pansi kapulasitiki kokhwatchira nsambo kaja n'kuyamba kuimba ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, monga mmene timamvera kwa akuluakulu akale ngati Daniel Kachamba wa ku Chileka. Chala chachikulu chimagwira ntchito ya bezi pa nsambo zonenepa, chamkombaphala chimayankha pa zowonda. Mark Knopfler wa Dire Straits nayenso amaimba ndi zala, ndipo mwina n'chifukwa chake nyimbo zake zinalowa msanga m'makutu a anthu kuno. Nditangoyamba kuimba choncho, makodi a Am, G, F, G, n'kubwereranso, phazi langa linayamba kuponda lokha, ndipo kaponderedwe kake sikanali ka ku Nashville kapena ka ku London. Poyamba ndinkadzikonza kuti ndibwerere m'njira. Patapita masiku ndinaleka kudzikonza.

Nkhani ya mawu inandivutanso. Pa kiyi ya Am ndime zinkanditsikira kwambiri, mawu n'kumathera m'khosi. Ndinaika kapo, kachitsulo kofinya nsambo kaja, pa fret yachiwiri (ma fret ndi timizere tachitsulo ta pa khosi la gitala), nyimbo inakwera kukhala Bm, ndipo mawu anga anapeza pokhala. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene anthu ambiri ojambula nyimbo za ena amagwera. Amaumirira kiyi ya mwini nyimbo ngati ndi lamulo, pamene mwiniyo anaisankha potengera khosi lake. Chinanso ndi katchulidwe ka Chingerezi. Pa matepi anga oyamba ndinkapinda lilime kuti ndimveke ngati wa ku America, ndipo mkazi wanga atamvera anandifunsa kuti, "Kodi amene akuimbayu ndi inu?" Sanafunse monyoza, sanandizindikire basi. Ndinaganiza za amalume, amene maso awo saonanso bwino ndipo adzandidziwira mawu okha. Ndinayamba kutchula Chingerezi chimene ndinaphunzira ku pulayimale, chimene ndimayankhula ku ntchito.

Situdiyo yanga inali chipinda cha ana, ana atagona pabalaza. Zida zinali laputopu yakale, pulogalamu yaulere ya Audacity, kabokosi kolumikizira maikolofoni ku kompyuta, ndi maikolofoni imodzi ya mtundu wa condenser imene ndinabwereka kwa mnzanga wa ku kwaya. Maikolofoni za mtundu umenewu zimafuna magetsi a 48 volts ochokera m'kabokosiko, ndipo zimamva chilichonse, ngakhale kumeza malovu. Chipinda cha simenti chopanda kanthu chimabweza mawu, ndiye tepi imamveka ngati wajambulira m'bafa. Ndinaimika matiresi kukhoma la kumbuyo kwanga, ndinapachika mabulangete awiri pa chingwe choyanikira zovala, pansi ndinayala mphasa ndi chitenje pamwamba. Ndikaomba m'manja kamodzi, mawu ankathera pomwepo osabwerera. Pamenepo ndinadziwa kuti chipinda chakonzeka.

Poika maikolofoni, nzeru ya munthu woyamba imamuuza kuti ailozetse pa bowo la gitala, poti ndi pamene mawu amatulukira. Ndinachita zomwezo, ndipo chinatuluka ndi chiphokoso chonenepa chokhachokha, nsambo zowonda zitamira. Malo abwino ndi cha pa fret ya 12, kufupi ndi pamene khosi la gitala limalowa m'mimba, kutalika kwa masentimita 20 kapena 30. Ukaisendeza pang'ono kulowera ku bowo mawu amanenepa, ukaibweza ku khosi amawala koma zala zimamveka zikukhwekhwereza. Ndinakhala usiku wathunthu ndili ndi mahedifoni, ndikusuntha mpando pang'onopang'ono, mpaka ndinapeza pamene gitala ndi mawu anga zinkalowa mofanana, ndipo ndinalemba ndi choko pansi pamene panali miyendo ya mpando. Panalinso kaphokoso kong'ung'udza kosaleka pansi pa tepi iliyonse. Ndinasintha mawaya, osatheka. Tsiku lina magetsi atathima ndinajambula ndi batire ya laputopu, ndipo kaphokoso kaja kunalibe. Kankachokera ku chaja. Magetsi athu amayenda pa 50 hertz, ndipo chaja yotchipa imalowetsa kung'ung'udzako m'tepi. Kuyambira pamenepo ndinkazula chaja ndisanayambe. Nsambo zatsopano nazo ndinaphunzira kuziika masiku atatu kapena anayi ndisanajambule, chifukwa za tsiku lomwelo zimalira mwachitsulo ndiponso zimamasuka pakati pa nyimbo.

Januwale ndi Febuluwale anapita ndi mvula. Pansi pa malata sungajambule ngakhale kukuwaza chabe, ndipo mvula ikakata achule ayamba. Nthawi yabwino inali kuyambira 11 koloko usiku, mabala akatseka, kufika cha m'ma 2 koloko atambala asanayambe. Ndinayesa njira imene a situdiyo amachita, kujambula gitala payokha motsatira kabelu kowerengera nthawi m'mahedifoni, kenako mawu pamwamba. Zinatuluka zoyera koma zowuma gwaa. Nyimbo imeneyi imafuna kuti ndime yachitatu ifulumire pang'ono pamene zoopsa zikuyandikira, ndipo dzanja limadziwa zimenezi pokhapokha pakamwa pakuimba nthawi yomweyo. Ndinazimitsa kabelu. Ndinayamba kuimba zonse pamodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndikalakwa n'kuyambiranso. Zinandilimbitsa mtima kudziwa kuti Bruce Springsteen anajambula chimbale chake cha Nebraska kunyumba kwake ku New Jersey mu 1982 pa kamakina ka kaseti ka njira zinayi. Anayesa kujambulanso nyimbozo ndi bandi yonse mu situdiyo yaikulu, koma chimene chinatuluka pamsika ndi kaseti ya kunyumba ija.

Pali chizolowezi chimene chafala pa intaneti chimene ine sindigwirizana nacho. Munthu amatenga nyimbo ya rock iliyonse, n'kuichepetsa liwiro mpaka kukwawa, n'kuiimba monong'ona, n'kuthira mauko ochuluka ngati ali m'phanga, poganiza kuti chilichonse chochedwa n'chozama. Nyimbo za mkwiyo, za chisangalalo, za chipongwe, zonse zimatuluka ngati za pamaliro. Clapton anachedwetsa yake chifukwa anali ndi china choti anene nacho. Nyimbo ya amalume ili ndi mantha mkati mwake, ndipo munthu wamantha sayenda mozemba. Ndinaisiya pa liwiro lofulumirirapo, chala chachikulu chikugunda mwamphamvu. Pokonza tepi sindinachite zambiri. Ndinadula mawu a pansi kwambiri, ochepera 80 hertz, amene ndi kugunda kwa phazi ndi galimoto zodutsa kutali, ndinawonjezera mauko pang'ono kwambiri, basi.

Mnzanga amene anandibwereka maikolofoni anati ndiike pa YouTube. Sindinaike, koma anandichititsa kufufuza, ndipo ndi bwino amene akufuna kuchita zimenezi adziwe. Nyimbo ili ndi umwini pawiri, wa amene anaipeka ndi wa tepi imene yajambulidwa. Tepi yanga ndi yanga, koma mawu ndi chuni zili ndi eni ake. YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID amene kawirikawiri amazindikira nyimbo ya wina, ndipo ndalama za malonda zimatha kupita kwa eni akewo. Kuno kwathu nkhani zimenezi amayang'anira ndi a COSOMA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1992. Ine ndimaona kuti n'zoyenera. Munthu amene anakhala pansi n'kupeza makodi atatu ndi mizere 12 yoti ikhale m'mutu mwa mnyamata wa ku Namadzi kwa zaka zoposa 40 anagwira ntchito.

Panatsala vuto limodzi, malo amene gitala ya Hendrix imalira yokha. Ndinayesa kuikapo kachuni kanga, kanamveka kosauka. Ndinayesa kuwadula malowo, nyimbo inafupika ngati yothawa. Pomaliza ndinangosiya makodi azungulire okha kanayi popanda chilichonse pamwamba, pambuyo pa ndime yoyamba ndi yachiwiri. Tepi ya nambala 23, usiku wina wozizira wa mu Juni, ndi imene ndinasankha. Pa mzere wina mawu anga anagwa pang'ono, koma ndinaisiya choncho.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi ya ku Limbe n'kutsika pa Namadzi, gitala ili kumsana. Amalume ndinawapeza akuwotha dzuwa kuseri kwa nyumba, atafunda jekete lawo lakale. Nditawapatsa moni ndi kapaketi ka shuga, ndinaika memory card m'kawailesi. Anamvera mutu uli pansi, manja ali pa ndodo. Amayi anga anabwera kudzaima chapatali ndi lichero. Nyimbo itatha kunali zii kwa kanthawi.

"Mawuwo ndi ako ndithu," anatero. "Ndakumva. Koma pakati paja wasiyapo bwalo. Mwini wake amalira pamenepo."

"Ndinalephera, amalume. Gitala ya bokosi siingalire choncho."

"Wabwera nayo?"

Ndinaitulutsa m'thumba, ndinaichuna, ndinaika kapo pa fret yachiwiri. Maikolofoni ija ndinali nditabweza kale kwa mwini wake, ndiye ndinangotsegula chojambulira mawu cha pa foni n'kuiika pa mtondo wovundikira pakati pathu. Ndinaimba ndime yoyamba. Nditafika pa bwalo lija, makodi akuzungulira okha, amalume anatsinzina, anasongola milomo, n'kuyamba. Mpweya unali wochepa, mawu akusasa, koma noti iliyonse inali pamalo pake, pokwera ndi potsika, ngakhale paja pamene gitala ya Hendrix imatsetsereka ngati ikugwa. Chimbale chinawonongeka zaka zoposa 20 zapitazo. Ndinawonjezera kuzungulira kwina kuwiri kuti amalize, chifukwa iwo ankatsatira utali wa pa chimbale chawo, osati wanga. Pa bwalo lachiwiri chifuwa chinawagwira pakati, anatsokomola, anakweza dzanja kuti ndisaime, n'kulowanso pamene nyimbo inali itafika.

Tepi imeneyo ili ndi mphepo, ili ndi nkhuku, ndipo chakumapeto amayi akumveka akuuza mwana wina kuti achoke pa moto. Gitala ikumveka patali chifukwa foni inayandikira kwa iwo. Ndinawafunsa kuti ndiwasiyire iti pa memory card, ya ku Zomba kapena ya leroyi. Anati ndisiye zonse ziwiri, koma ya leroyi ikhale yoyamba, kuti akangotsegula wailesi asavutike kusaka batani.